Kuyeza chiopsezo pa ndalama: pamene manambala amanamiza

[Minda ya tiyi ya ku Mulanje, phiri likuoneka kumbuyo]

Takulandirani abale ndi alongo. Amene mukuganiza zochita digiri yachiwiri ya zachuma, makamaka mbali ya financial economics, mudzakumana ndi phunziro limene limathawitsa anthu ambiri: kuyeza chiopsezo. Mabanki, makampani a inshulansi ndi mabungwe osunga penshoni amalemba anthu ntchito yoyankha funso limodzi basi, lakuti zinthu zikavuta titaya ndalama zingati.

Nkhaniyi inayamba kuyalidwa m'masamu mu 1952, pamene Harry Markowitz, ali wophunzira ku Chicago, anaonetsa kuti chiopsezo cha chuma chako sichidalira kokha mmene chinthu chilichonse chimakwerera ndi kutsika. Chimadaliranso ngati zinthuzo zimagwa nthawi imodzi kapena mosiyana. Analandira nazo mphoto ya Nobel mu 1990.

[Munda wa pamtsetse: tiyi kumtunda, nthochi kumunsi, chimanga pambali]

Taonani munda uwu. Mlimi wa tiyi wa kuno kapena ku Thyolo kawirikawiri amakhalanso ndi nthochi, chinanazi ndi kachigawo ka chimanga. Mtengo wa tiyi ukatsika ku okushoni ya ku Limbe, nthochi zimamutola. Papepala ndiye kuti wagawa chiopsezo bwino. Koma mu Marichi 2023 namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri, sanasankhe mbewu. Zonse zinali pamtsetse umodzi, zonse zinapita tsiku limodzi. M'kalasi adzakupatsani nambala yoyezera mmene zinthu ziwiri zimayendera limodzi, correlation. Vuto lake n'lakuti nambalayo imawerengedwa kuchokera ku zaka zabata, ndipo tsoka likafika imasintha.

Tsopano muyeso umene mudzaumve kwambiri, Value at Risk, mwachidule VaR. Unatchuka ndi banki ya J.P. Morgan, kumene mkulu wake Dennis Weatherstone ankafuna lipoti limodzi tsiku lililonse nthawi ya 4:15 madzulo, lonena kuti banki ingataye zingati pofika mawa. Mu 1994 bankiyo inatulutsa njira yakeyo poyera, dzina lake RiskMetrics.

Tiyerekeze banki ina yanena kuti VaR yake ya tsiku limodzi pa 99 peresenti ndi K200 miliyoni. Ikutanthauza kuti pa masiku 100 aliwonse, masiku 99 sikuyembekeza kutaya ndalama zoposa pamenepo. Pa chaka cha masiku pafupifupi 250 a malonda, malirewo adzadumphidwa kawiri kapena katatu. Nanga tsiku lodumphalo itaya zingati? K210 miliyoni? K5 biliyoni? Apa VaR imangoti zii. Ine ndimaona kuti ichi ndiye chilema chake chachikulu, chifukwa tsiku limenelo ndi limene limatseketsa banki.

[Pa sikirini: K1,180 kenako K1,700]

Chitsanzo chathu chomwe ndi kwacha. Mu Novembala 2023 Reserve Bank inalengeza kuti dola imene inkagulitsidwa pa K1,180 izigulitsidwa pa K1,700, kusintha kwa 44 peresenti usiku umodzi. Munthu amene akanatenga mitengo ya kubanki ya miyezi yam'mbuyomo n'kuiika mu kompyuta, ikanamuuza kuti kwacha ikuyenda pang'onopang'ono, palibe choopsa. Komatu aliyense woitanitsa feteleza kapena zipangizo za fakitale ankadziwa kuti madola akusowa m'mabanki ndipo pamsika wamseri mtengo unali utathawa kale. Chaka cham'mbuyo, mu Meyi 2022, kwacha inali itagwetsedwanso ndi 25 peresenti. Chiopsezo chinalipo, chinangobisala m'malo amene manambala ovomerezeka sankafika. Ndipo kugwa komweko sikunapweteke onse mofanana: esiteti yogulitsa tiyi kunja inalandira makwacha ambiri pa dola iliyonse, pamene wothyola tiyi wolipidwa m'makwacha anapeza mafuta ophikira ndi sopo zakwera.

Musaganize kuti izi zimagwera osaphunzira okha. Kampani ya ku America yochita malonda ndi ndalama za anthu m'misika ya zachuma, Long-Term Capital Management, inali ndi akatswiri a zachuma Myron Scholes ndi Robert Merton, amene analandira Nobel mu 1997. Chaka chotsatira, Russia italephera kubweza ngongole zake mu Ogasiti, kampaniyo inataya madola oposa 4 biliyoni m'miyezi yochepa, mpaka mabanki ena anasonkha ndalama kuti isagwetse anzake.

Pambuyo pa mavuto azachuma a 2008, komiti ya Basel, imene imakonza malamulo a mabanki, inasamukira ku muyeso wina, Expected Shortfall. Uwu umatenga masiku oipitsitsa aja okhaokha n'kufunsa kuti pa avereji timataya zingati tikalowa mmenemo. Pambali pake pali kuyesa banki ndi tsoka longoganizira: kwacha itagwanso ndi theka, kapena alimi onse a chigawo chimodzi atalephera kubweza ngongole, banki ingaime?

Ndiye amene mukufuna kulowa maphunzirowa, kaya ku University of Malawi ku Zomba kaya kunja, konzekerani masamu. Probability (masamu a mwayi woti chinthu chichitike), statistics (kusanthula ziwerengero) ndi econometrics (kugwiritsa ntchito ziwerengero pa zachuma) ndiye chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndipo yambiranitu kuphunzira R kapena Python, zilankhulo za pakompyuta zosanthulira manambala. Pa kafukufuku wanu mudzakumana ndi vuto lomwe lija la manambala ofatsa. Msika wa masheya wa ku Blantyre uli ndi makampani ochepa, ndipo masheya ena amatha masiku osagulidwa. Mtengo ukakhala pamodzimodzi sabata yonse, kompyuta idzalemba kuti chiopsezo n'chochepa, chonsecho tsiku lofuna kugulitsa ambiri nthawi imodzi wogula sangapezeke. Musanawerenge VaR ya sheya iliyonse, yambani mwaona kuti inagulidwa masiku angati pa chakacho.