Makalata a Omvera: Nkhondo ya ku Ukraine Yafika M'chiwaya cha Mandasi

Moni omvera nonse kuno ku Blantyre ndi kulikonse kumene mawu athu akufika. Sabata ino makalata ambiri amene talandira akufunsa za nkhondo imene dziko la Russia linayambitsa polowa ndi asilikali m'dziko la Ukraine pa 24 Febuluwale 2022, ndipo ndasankhapo atatu. Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ndirande, ndipo akuti:

"Ine ndine mayi wa ana anayi, ndimakazinga mandasi pafupi ndi msika. Kuyambira mu 2022, ndikapita kukaoda ufa wa tirigu ndi mafuta ophikira ku Limbe, ogulitsa amandiuza kuti mitengo yakwera chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine. Achimwene anga kumudzi ku Thyolo akadandaula za feteleza, yankho limakhala lomwelo. Mandasi anga ndawachepetsa kawiri konse, moti ana asukulu amayamba awatembenuza m'manja asanapereke ndalama. Kodi nkhondo ya kutali chonchi ikulowa bwanji m'chiwaya changa, kapena anthuwa angopeza pobisalira?"

Zikomo mayi polemba. Ogulitsawo sanakunamizeni, koma sanakuuzeninso zonse. Nkhondo isanayambe, tirigu wopitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a tirigu yense amene mayiko amagulitsana ankachokera ku Russia ndi ku Ukraine, ndipo Ukraine ndiye ankatsogola pogulitsa mafuta a mpendadzuwa. Katunduyu ankatuluka pa sitima zapamadzi kudzera pa Nyanja Yakuda, m'madoko ngati Odesa. Madokowo atatsekeka, tirigu anangokhala m'nkhokwe, ndipo mu Malichi 2022 bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, la FAO, linapeza kuti mitengo ya chakudya padziko lonse yafika pamene inali isanafikepo chiyambire kuwerengera kwake. Ife kuno tirigu timalima wochepa kwambiri, ufa umene mumakanda m'beseni usiku uja ndi wa tirigu wogula kunja. Mafuta a mpendadzuwa atasowa, ogula onse anathamangira ku mafuta a mitundu ina, ndipo nawonso anakwera. Feteleza wa achimwene anu ndi chimodzimodzi: Russia ndi dziko limene limagulitsa feteleza wambiri kunja, komanso yuleya amapangidwa kuchokera ku gasi, ndiye gasi atakwera mtengo thumba la feteleza linakwera nawo.

Mu Julayi 2022 dziko la Turkey ndi bungwe la United Nations anayanjanitsa mbali ziwirizo kuti sitima za chakudya zizidutsa, ndipo matani pafupifupi 33 miliyoni anatuluka Russia asanachoke m'panganolo mu Julayi 2023. Ngakhale pangano linatha, mtengo wa tirigu pa misika ya kunja unatsika n'kubwerera pafupi ndi pamene unali nkhondo isanayambe. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, mayi, chifukwa ku Limbe ufa sunatsike. Chifukwa chake chili kwathu konkuno. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zogulira katundu zakhala zikusowa. Pakati pa zimenezi panagwa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anakokolola nyumba ku Chilobwe tonse tikuona, kenako chilala cha mu 2024. Fetelezanso anali atayamba kale kukwera mu 2021, mfuti isanalire. Nkhondoyi inatipeza tili ofooka kale ndipo inatikankha, koma munthu amene lero akunena kuti chilichonse chodula ndi chifukwa cha Ukraine akutiphimba m'maso kuti tisafunse za mavuto amene tingathe kukonza tokha.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Chilomoni, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Iwo alemba motere:

"Ndimamvera nkhani za kunja usiku uliwonse, koma mayina a mizinda amandisokoneza. Lero amati awa alanda mzinda, mawa amati awo abwezera. Ndinaphunzitsapo ku Nsanje m'zaka zimene anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anadzaza kumeneko, ndipo ndimakumbukira ana amene ankabwera m'kalasi osadziwa ngati makolo awo ali moyo. Tandiuzeni mwatchutchutchu, nkhondoyi yafika pati, ndipo dziko lathu laima mbali iti?"

Aphunzitsi, ndiyesetsa kuilondoloza. Mkanganowu sunayambe mu 2022. Ukraine inakhala dziko loima palokha mu 1991 pamene Soviet Union inasweka, ndipo mu 1994 inavomera kupereka zida za nyukiliya zimene zinali m'dziko mwake, Russia, America ndi Britain atalonjeza ku Budapest kuti adzalemekeza malire ake. Mu 2014 Russia inatenga chigawo cha Crimea, ndipo kumenyana kunabuka kum'mawa, ku Donetsk ndi ku Luhansk. Mu Febuluwale 2022 asilikali a Russia analunjika ku likulu la Ukraine, Kyiv, koma analephera kulilanda ndipo anabwerera patatha pafupifupi mwezi umodzi, n'kusiya mitembo ya anthu wamba m'misewu ya tauni ya Bucha. Mzinda wa Mariupol unagwa mu Meyi utasanduka bwinja. Chakumapeto kwa chakacho Ukraine inabweza malo aakulu m'chigawo cha Kharkiv mu Seputembala, ndi mzinda wa Kherson mu Novembala.

Kuchokera pamenepo nkhondoyi yakhala ya m'maenje ndi ya tindege topanda munthu, imene anthu masauzande amafera tauni imodzi. Bakhmut inagwa m'manja mwa Russia mu Meyi 2023 patatha miyezi yambiri akumenyanirana, Avdiivka mu Febuluwale 2024. Mu Ogasiti 2024 asilikali a Ukraine nawo anawoloka malire n'kulowa m'chigawo cha Kursk ku Russia, koma pambuyo pake anakankhidwa m'malo ambiri amene anatenga. N'chifukwa chake mayina amakusokonezani: malo amene akusinthana manja ndi aang'ono, koma magazi amene akutayika ndi ochuluka. Russia ikugwira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a dziko la Ukraine, kuphatikizapo malo opangira magetsi a nyukiliya a Zaporizhzhia, amene ndi aakulu kuposa ena onse ku Ulaya. Anthu opitirira 6 miliyoni anathawira kunja, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, ndipo otsala amaphulitsidwira malo opangira magetsi m'nyengo imene kumazizira mpaka madzi kuuma.

Zoyesa kuyanjanitsa zachitika. Mu Juni 2023 atsogoleri a mayiko a mu Africa, pakati pawo a Cyril Ramaphosa ndi a Hakainde Hichilema, anapita ku Kyiv ndi ku St Petersburg, mzinda wa ku Russia. Mu Ogasiti 2025 a Donald Trump ndi a Vladimir Putin anakumana ku Alaska, koma anabalalika popanda pangano loti mfuti zileke kulira.

Za mbali imene tinaima, pa 2 Malichi 2022 mayiko 141 anavota ku United Nations kuti Russia ichotse asilikali ake, 5 anakana, ndipo 35 sanaonetse mbali. Malawi ndi Zambia anali pakati pa ovomereza, pomwe Mozambique, Tanzania, Zimbabwe ndi South Africa sanaonetse mbali. Patatha chaka chimodzi tinalandira matani 20,000 a feteleza kuchokera ku kampani ya ku Russia ya Uralchem, amene anadzera pa doko la Beira. Ena anati mphatsoyo inali yofuna kutikopa. Ine ndimaona kuti mlimi anali wofunikadi feteleza ameneyo, komanso voti yathu inali yolondola, chifukwa dziko laling'ono lopanda gombe ngati lathu lilibe chishango china kupatula lamulo lakuti wamphamvu asasunthe malire a mnzake ndi mfuti. Inu aphunzitsi mukudziwa bwino kuposa ine kuti nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala, katundu wathu ankazungulira mtunda wautali ndi wodula, ndipo tinasunga othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni mpaka mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992. Ana amene munawaphunzitsa ku Nsanje aja, lero anzawo a ku Ukraine ali m'makalasi a ku Poland ndi ku Germany.

Kalata yomaliza ndi yaifupi, yochokera kwa mtsikana wa ku Machinjiri: "Ndinamaliza Fomu 4 koma ntchito sindikuipeza. Mnzanga wanditumizira uthenga pa WhatsApp wonena za mwayi wa sukulu ndi ntchito ku Russia, tikiti ya ndege yaulere. Kodi ndilembetse?"

Mwanawe, ululu wokhala pakhomo ndi satifiketi m'chikwama ndikuumva, koma usathamange. Atolankhani a Associated Press anapeza mu 2024 kuti atsikana a m'mayiko a mu Africa amene anaitanidwa ndi malonjezo ofanana ndi amenewo anakapezeka akulumikiza tindege tankhondo m'fakitale ya ku Alabuga, m'chigawo cha Tatarstan, malo amene asilikali a Ukraine anawaphulitsapo kale. Mu 2022 mnyamata wina wa ku Zambia amene anapita ku Russia kukaphunzira, atamangidwa n'kutengedwa m'ndende ndi gulu la asilikali aganyu la Wagner, anakafera ku nkhondo ya ku Ukraine, ndipo makolo ake analandira bokosi. Sindikunena kuti mwayi uliwonse wa sukulu ku Russia ndi msampha, pakuti alipo Amalawi amene anaphunzirako bwinobwino. Koma funsa dzina la sukulu kapena kampaniyo, mzinda umene ili, ndi ntchito yeniyeni imene ukagwire, zonse zolembedwa papepala. Pita nazo ku ofesi ya zantchito kuno ku Blantyre, auzenso makolo ako, ndipo pasipoti yako usaipereke m'manja mwa munthu amene wangomudziwira pa foni. Ukatero utilemberenso kuti akuyankha chiyani, tidzawerenga kalata yako sabata yamawa nthawi ngati ino.