Moto, poto ndi mthiko: mawu kwa oyamba kumene kuphika

Zikomo a gulupu, a nyakwawa nonse, amayi ndi abambo. Inu achinyamata mwabisala kumbuyoko sendererani kuno, mthunzi ulipo, ndipo nkhani ya leroyi kwenikweni ndi yanu. Amayi akuluakuluwa angobwera kudzandigwira bodza.

Andipempha kuti ndilankhule za kuphika kwa munthu amene sanagwirepo mthiko. Musaseke, anthu oterowo ndi ambiri. Mnyamata wapeza ntchito yodula nzimbe ku Nchalo, akukhala yekha m'kachipinda ka lendi, ndalama yonse ikuthera pachiwaya ndi mandasi. Mtsikana wakulira kusukulu yogonera, lero wakwatiwa, akuopa kufunsa apongozi. Abambo ena mayi akunyumba ali kuchidikiro, ana akungowayang'ana m'maso dzuwa lili paliwombo. Njala siyang'ana kuti uyu ndi mwamuna, uyu ndi mkazi. Ndipo manyazi pano tiwasiye kunja, paja safunsa anadya phula.

Anthu ambiri amaganiza kuti chakudya chimakoma ndi mafuta ambiri ndi tomato wambiri. Ayi ndithu. Chimene chimawonongera wophunzira chakudya ndi moto. Ndiye tiyambire pamenepo.

Mafuwa anu atatu akhale ofanana msinkhu, poto akhazikike osapendama. Nkhuni zitatu kapena zinayi zakwana, osati mtolo wonse. Mukafuna moto wambiri, kankhirani nkhunizo mkati. Mukafuna wochepa, sololani imodzi. Malawi akamatuluka m'mbali mpaka kunyambita chivundikiro, dziwani kuti mukungotentha mphepo, pansi pa poto chakudya chikupserera pomwe pamwamba n'chachiwisi. Nkhuni kuno kuchigwa mukudziwa nokha mmene zasowera, ndipo amene amalowa m'nkhalango yotetezedwa ya Lengwe kukatola amabwerako ndi mlandu. Mbaula zadothi zija za chitetezo zimathandiza chifukwa zimatchinga mphepo, moto wonse umapita kupoto, nkhuni zimalowa zochepa. Mapesi a mapira ndi zitsononkho musazinyoze, zimaphika tiyi ndi phala bwinobwino, koma zimatha msanga, nyemba sizingapse nazo. Mitengo ya nandolo youma ndiye imagwira bwinoko. Chimene ndimadana nacho ndi choyatsira makala ndi jumbo. Utsi wa pulasitiki ndi woipa m'chifuwa, ndipo fungo lake limalowa m'ndiwo. Yatsani ndi udzu kapena timitengo. Komanso mbaula ya makala musagone nayo m'nyumba motseka, ngakhale kunja kukugwa mvula. Mpweya wake sununkha, munthu amangogona osadzukanso.

Ziwiya musadandaule nazo. Mapoto awiri okhala ndi zivundikiro, mthiko, chipande, mpeni, mbale ndi ndowa yamadzi yovundikira. Zina zonsezo mudzagula mukadzalemera.

Tsopano nsima. Apa ndichedwapo pang'ono, chifukwa munthu wodziwa nsima sagona ndi njala.

Ya munthu mmodzi, tengani madzi makapu 3, ufa kapu imodzi ndi pang'ono. Muyezowu ndi wongoyambira, chifukwa ufa umasiyana, dzanja lidzazolowera lokha. Ikani madzi pamoto. Musadikire kuti awire. Dontheretsani pang'ono kuseri kwa dzanja, akakhala ofunda oti mwana angasambe, nthawi yake ndi imeneyo. Thirani ufa pang'onopang'ono, dzanja lina likutakasa ndi mthiko osaleka, mpaka phala lionetse kuti lagwirana koma likuyendabe. Ufa ukagwera m'madzi owira umachita mibulu nthawi yomweyo, ndipo mibuluyo ngakhale muisakesake ndi mthiko simungaimalize. Ena amayamba asungunula ufa m'madzi ozizira m'kapu kenako n'kuthira m'poto. Njira imeneyonso ndi yabwino, makamaka kwa inu oyamba.

Phala likayamba kubwata, lekani kutakasa, vundikirani mosiya kampata, chepetsani moto. Lisiyeni libwate mphindi 10, mgaiwa mpaka 15. Apa ndiye pamene achinyamata mumagwa. Njala yakupwetekani, phala langoti bwatu kawiri, mwayamba kale kuthira ufa. Nsima imapsera paphala. Ufa umene mumathira pambuyo uja sukhalitsa pamoto, ndiye phala likakhala losapsa nsima yonse imanunkha ufa, imamata m'manja, usiku m'mimba mumachita phokoso. Ndipo samalani, phala lobwata limathovokera m'manja ndi kumapazi, mwana asakhale pafupi.

Likapsa, thirani ufa kadzanja kamodzi, vundulani mpaka ufa usaoneke, kenako kadzanja kena. Mthiko uzikanikizira nsima kukhoma la poto, kuitembenuza, kuikanikizanso. Ikayamba kulimba n'kumasiya m'mbali mwa poto, lekani kuthira ufa ngakhale mukuona ngati yafewa, chifukwa ikamazizira imalimbanso. Vundikirani kamphindi pamoto wochepa. Mukamva kafungo ka nkhoko, yapsa. Viikani chipande m'madzi musanaomole mtanda uliwonse kuti isamatirire. Mukamaliza thirani madzi m'poto nthawi yomweyo, kutsuka kusadzakuvuteni.

Ufa woyera umakoma m'kamwa, sindikana, koma pokonola ndi kuviika chimanga zambiri zomanga thupi zimapita ndi madeya. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba ndipo thumba lake limachedwa kutha. Nsima ya mapira ndi ya mchewere, imene ena mwayamba kuichitira manyazi, ndiye chakudya cha chigwa chino. Mbewu zimenezi zimapirira dzuwa pamene chimanga chafota, ndipo kaphikidwe kake n'komweko.

Ndiwo yoyamba kuphunzira ikhale masamba otendera, chifukwa safuna mafuta. Tengani nkhwani wanthete. Thyolani kumapeto kwa phesi, kokani timinga tija tichoke, ndiko kusadzula. Tsukani masamba asanadulidwe, osati mutadula, kuti zabwino zake zisapite ndi madzi. Duladulani. Madzi m'poto akhale ochepa, theka la kapu, chifukwa masamba amatulutsa madzi awo. Akawira ikani masamba, tomato mmodzi, kamchere. Pakapita mphindi 5, wazani nsinjiro pamwamba, masupuni 3, musatakase kaye, vundikirani kuti nthunzi iphike nsinjirozo. Kenako takasani, zibwate pang'ono pamoto wochepa, basi. Masamba atuluke akadali obiriwira. Akafika pooneka ngati fodya ndiye kuti mwawapha. Kholowa, chitambe, bonongwe, chisoso, zonsezi njira ndi imodzimodzi. Ngakhale sangowa amene wazungulira mipanda yathuyi, ena amati cham'mwamba, ndi ndiwo yabwino zedi, ndipo sachedwa kupsa.

Za soda ndikudziwa amayi pano tikangana. Therere likufuna kasoda kapena chidulo, pamenepo ndavomera, koma kakunsonga kwa supuni. Masamba enawa soda amawafewetsa msanga, inde, koma amawononga mavitamini ena amene tikuwafunawo. Ngati nkhwani ndi wanthete, soda ngwachiyani?

Mtedza wosinja muziusankha. Wofota, wobooka, wachuku, tayani, musaumvere chisoni. Chuku chimenecho chili ndi poizoni amene amawononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo kuphika sikumuchotsa.

Mchere. Kuno mijigo ina madzi ake ndi amchere kale, mukudziwa nokha. Ndiye musathire mchere mwachizolowezi cha kwina. Thirani pang'ono, lawani, onjezani. Wochepa umawonjezeka, wochuluka suchotseka. Gulani wa m'paketi wolembedwa kuti muli ayodini, umateteza chithokomiro, ndipo muziusunga motseka.

Tili ndi mwayi wa nsomba, Shire ali pakhomo, dambo lili pafupi. Nsomba yaiwisi muziiyang'ana musanapereke ndalama. Maso akhale owala, mukatsegula m'mbali mwa mutu mukhale mofiira, mukadina ndi chala mnofu ubwerere. Ndi kutentha kwa kuno, nsomba yogwidwa mbandakucha ikafika masana yayamba kale kufewa, ndiye mukafika nayo kunyumba itumbuleni pompo. Mlamba wowamba muuthyole muone mkati ngati mulibe tizilombo, muutsuke ndi madzi ofunda. Usipa ndi matemba ouma, chotsani mitu ngati simufuna kuwawa, viikani m'madzi ofunda kamphindi kuti mchenga utsike pansi, kenako muvuule ndi manja, osakhuthula madziwo pamodzi ndi nsomba, mchenga ungabwererenso. Mafuta masupuni 2 akwana. Anyezi ayambe, afewe osada. Tomato atsatire mpaka asungunuke, mafuta ayambe kuonekera m'mbali. Ndiye nsomba, timadzi pang'ono, vundikirani. Mlamba musautakase ndi mthiko, ungaphwanyike. Gwedezani poto yense. Mukadziwa kachitidwe ka anyezi ndi tomato kameneka, mwadziwa kale mazira, soya, nyama ndi nyemba, chifukwa chiyambi chake n'chimodzi. Ndipo mafuta akagwira moto m'poto, chonde musathire madzi, moto umalumpha mpaka kudenga. Vundikirani poto, sololani nkhuni.

Achimwene apo akufunsa za nyemba, akuti zimawathera makala. Zoona. Sankhani, tsukani, viikani usiku, m'mawa tayani madziwo muike atsopano. Musaviike kupitirira usiku umodzi, kuno zimasasa. Ziwire kwambiri mphindi 10 zoyambirira, kenako moto wapakati. Madzi akaphwa onjezani otentha. Tomato adikire mpaka nyemba zifewe, chifukwa kuwawasa kwake kumalimbitsa khungu. Ngati madzi a pamjigo panu ndi olemera aja osachita thovu ndi sopo, nyemba zimachedwanso, yesani madzi a kwina. Wophunzira ndimamuuza kuti ayambe ndi khobwe kapena nandolo wamuwisi, sizichedwa.

Mpunga wa ku Nkhate ndi ku Muona tonse timaudziwa. Petani, tolani timiyala, tsukani. Kapu imodzi ya mpunga, makapu 2 a madzi. Madzi akatsala pang'ono kuphwa, chotsani nkhuni zonse, patsale makala okha, ena muike pamwamba pa chivundikiro. Musatsegule, musatakase. Mpunga sufuna munthu wa chidwi.

Pali nkhani ina imene kumtunda angainene mongodutsa, koma kuno sitingatero. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala ku Ngabu ndi ku Nsanje kutentha kumapitirira madigiri 40. Ndiwo yotendera yophikidwa m'mawa, madzulo yachita kale thovu. Choncho phikani zokwana kudya nthawi imodzi. Zikatsala, vundikirani, ndipo musanadye muzitenthetse mpaka zibwate ndithu, osati kungofunditsa. Mkute wa nsima mutha kuuwotcha kapena kuuphikanso phala. Koma mpunga wogona ndi nsomba yogona musapatse mwana. Mpeni umene mwatumbulira nsomba kapena nkhuku muutsuke ndi sopo musanadulire tomato wodya wamuwisi.

Mukukumbuka kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mukukumbukanso madzi a namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi a namondwe Freddy mu Malichi 2023, mmene zimbudzi zinagwera, zitsime n'kudzaza matope. Madzi akasefukira chotero, ngakhale mjigo umene mumaukhulupirira muukayikire. Madzi akumwa awiritsidwe kapena muthire klorini monga alangizi azaumoyo amanenera, n'kudikira mphindi 30. Posamba m'manja tizithirirana, beseni limodzi lozungulira anthu khumi lija womaliza amasamba litsiro la onse. Wophika ndiye ayambe kusamba, ndi sopo, asanagwire chilichonse.

Alangizi amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zamasamba, zanyemba, zanyama, zipatso ndi zamafuta. Ena mukamva zimenezi mumati ndi za anthu a ndalama. Taonani mbale imene taphikayi. Nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera, usipa wokazinga ndi timafuta. Mwatsala ndi chipatso chokha, ndipo masau, bwemba, malambe ndi mango sizichita kuchokera ku Blantyre. Malambe mukawasungunula n'kuthira m'phala la mwana m'mawa, gulu lomalizalo lakwana.

Sabata ino musathamangire kuphika zonse ndatchulazi. Sankhani nsima ndi ndiwo imodzi, muphike zomwezo tsiku ndi tsiku mpaka muzidziwa ndi khutu kuti phala lapsa. Pezani mayi kapena agogo apafupi, mukhale pambali pawo akamaphika, tsiku lotsatira iwo akhale pambali inu mugwire mthiko. Ndipo amayi, mnyamata akabwera kudzafunsa musamuseke kapena kumulanda mthiko kuti akuchedwetsani. Ufa wongoyesera kapu imodzi si umene ungagwetse nkhokwe.

Loweruka likubwerali tidzakumane pomwe pano m'mawa dzuwa lisanakwere. Aliyense adzabwere ndi ufa kapu imodzi ndi nkhuni ziwiri, amene ali ndi nkhwani kudimba adzathyoleko. Mapoto tidzabwereka kwa amayi a komiti. Oyamba kuvundula adzakhala anyamata atatu akhala pa njinga apowo, ndawaona kale, a nyakwawa mundigwirire mayina awo.