Makalata a Omvera: Mtsikana wa ku Kanyama Akufuna Ntchito ya Madzi

Moni omvera athu nonse, ku Matero, ku Chawama, ku Mtendere mpaka ku Kafue. Makalata a sabata ino ambiri akulira madzi. Ndiyamba ndi imene ndaiwerenga katatu ndisanalowe muno.

Yachokera ku Kanyama, kwa mtsikana wa giredi 12 amene wapempha kuti dzina tilisunge. Akuti: "Amalume a pawailesi, mlongo wanga wamng'ono anagonekedwa ku Heroes Stadium nthawi ya kolera mu 2024. Anachira, koma kuyambira pamenepo mtima wanga uli pa kudziwa chimene chimaipitsa madzi athu. Ndikufuna kukhala injiniya wa madzi. Atate akuti imeneyo ndi ntchito ya anyamata okumba ngalande, ine ndikachite unesi."

Mwana wanga, funso lakoli lili ndi eni ake amene amalidyera malipiro. Lusaka anamangidwa pa thanthwe la laimu lodzaza ming'alu ndi mphako. Mvula imalowa pansi msanga, ndipo njira yomweyo ndi imene zam'chimbudzi chokumba zimatsata kukafika pachitsime. Kwanuko ukudziwa wekha: chimbudzi apa, chitsime apo, dzinja likafika madzi a pansi amakwera mpaka pakhomo. M'chigubu amaoneka oyera mbee, koma matenda alimo. Amene amayeza kuti madzi a pansiwo akulowera kuti, ndiponso kuti tingatunge ochuluka bwanji osawaphwetsa, amatchedwa hydrogeologist. Mnzake hydrologist amatsata mitsinje. Ukadzaona chitsulo cha manambala chitaima m'madzi m'mphepete mwa mtsinje, dziwa kuti pali munthu amene amachiwerenga tsiku ndi tsiku, ndipo manambalawo ndi amene amachenjeza za kusefukira kapena chilala. Injiniya ndiye wa mapaipi, mapampu ndi matanki, monga amene amakoka madzi a Kafue ku Iolanda, kuwasefa, kuthiramo klorini, n'kuwakankha makilomita oposa 40 kuti afike kuno.

Gwira masamu, physics ndi chemistry ndi manja awiri. Ku yunivesite ya UNZA kuli sukulu ya uinjiniya, kulinso sukulu ya za migodi kumene amaphunzitsa za miyala. Ku Kitwe kuli Copperbelt University. Mapointi akavuta usalire, koleji ya NRDC konkuno imaphunzitsa dipuloma ya Water Engineering. Ntchito zake zili ku makampani a madzi, kumigodi, ku Zambezi River Authority ndi ku WARMA, bungwe loyang'anira madzi a dziko lino limene linabadwa ndi lamulo la madzi la 2011.

Tsopano inu atate ake, ndikulankhula nanu mwaulemu ngati kholo linzanu. Unesi ndi ntchito yapamwamba, anesi ndi amene anakubwezerani mwana wanu wamoyo. Koma nesi amalandira munthu atamwa kale madzi oipa. Mwana wanuyu akufuna kukaima kumene madziwo amachokera. Mukuopa matope? Gambuti sizifunsa ngati phazi ndi la mwamuna kapena la mkazi, bambo, ndipo sopo ali pa kantemba. Musamuthyole mtima mwanayu.

Bambo a ku Matero akufunsa: "Ku Kariba madzi timawaona pa TV, nanga magetsi ankazimiranji mu 2024?" Bambo, makina opanga magetsi amagwiritsa ntchito madzi a pamwamba okha, pafupifupi mamita 13 damu likadzaza. Chilala chinadya pafupifupi onse amenewo. Amene amawerenga zimenezi n'kugawira Zambia ndi Zimbabwe ndi anthu a ntchito imene mtsikana uja akufuna.

Mayi a ku Chalala, mwafunsa ngati mjigo umalembetsedwa. Inde, mjigo wanu ulembetsedwe ku WARMA, ndipo wokumba akuonetseni laisensi asanatsitse makina.

Mnyamata wa ku Chelstone, digiri uli nayo koma ntchito palibe, ndamva. Lembetsa ku bungwe la mainjiniya la Engineering Institution of Zambia, ndipo akakuitana ku Petauke kapena ku Mongu nyamula chikwama. Madzi sali ku Cairo Road kokha.

Makalata enawa, onse asanu ndi limodzi, akudandaula za mipopi youma ndi madzi olowa m'nyumba. Kudandaula kwanu n'koona, ndipo amene amatigulitsa madzi amve. Koma abale anga, Lachiwiri ndinaima pa ngalande ina m'komboni mwathu. Mabotolo, matewera a ana, thumba lonse la zinyalala, mpaka matiresi! Injiniya anayeza ngalande imeneyo kuti inyamule madzi a mvula, sanayezere matiresi. Zivindikiro za zitsulo zikuzulidwa usiku kukagulitsa pa sikelo, ndipo wozulayo timamudziwa, timapatsana naye moni m'mawa. Ena mwaboola paipi kuseri kwa nyumba, kenako mukudabwa kuti anzanu a kumtunda alibe dontho. Paipi yoboola ikakhala yopanda madzi imayamwa zonyansa za m'nthaka, ndipo wakumwa ndi mwana wanu yemwe.

Iwe mwana wa ku Kanyama, zotsatira za mayeso zikatuluka undilemberenso. Kalata ya atate ako nayonso ndikuidikira, ndidzaiwerenga yonse pano.