Uthenga kwa achimwene: za foni ya mayi ndi mahedifoni a mwana

Achimwene, mwaswera bwanji? Alamu ndi ana ali bwanji? Kuno kulibe vuto. Uthenga wanu ndaumva, woti foni ya mayi yayamba kuvuta ndipo mukufuna kuwagulira ina, komanso zoti mwana wanu wamkuluyo akufuna mahedifoni. Ndaona kuti ndingolankhula, kulemba zichuluka. Utalikirapo, ndiye mupeze mpata mumvetsere limodzi ndi alamu.

Mukafika pogula, maso asathamangire pa manambala akuluakulu ali pabokosi aja, monga 108MP ya kamera, kapena makamera anayi kumbuyo. Imeneyo ndi nyambo. Mwa makamera anayiwo, nthawi zambiri awiri amakhala a 2MP, ongodzazitsira. Funso loyamba likhale ili: kodi kampani yomwe inapanga foniyi ipitiriza kuitumizira maapudeti kwa zaka zingati? Mafoni ambiri amatayidwa akuyakabe bwinobwino. Chimene chimachitika n'choti Android ya m'katimo yakalamba, app ya banki yayamba kukana, kenako WhatsApp nayo nthawi ikakwana imasiya kugwira. Google inalonjeza zaka 7 pa Pixel 8 yomwe inatuluka mu 2023, Samsung nayo zaka 7 pa Galaxy S24 ya 2024. Amenewo ndi odula, inde. Koma ngakhale pa otsikirapo, Galaxy A16 inalonjezedwa zaka 6. Pomwe alipo ena otchipa omwe amalandira apudeti kamodzi basi, ena osalandira n'komwe. Ndipo mumvetse apa: zakazo amawerenga kuyambira pomwe foniyo inatuluka, osati tsiku lomwe inu mwagula. Foni ikhoza kukhala yatsopano m'bokosi, pulasitiki yosang'amba, koma theka la moyo wake linathera pa shelefu. Ndiye lembani dzina la foniyo pa Google muone chaka chomwe inatuluka.

Chachiwiri ndi RAM, yomwe foni imayendetsera ma app omwe mwatsegula, ndi malo osungira zinthu. RAM isatsike pa 4GB, ndipo ngati thumba likulola, 6 kapena 8 ndiye yabwino. Chenjerani ndi kalembedwe kena kamene kafala masiku ano. Pabokosi alemba 8GB, pansi pake timalemba tating'ono toti 4+4. RAM yeniyeni pamenepo ndi 4. Inayo amangobwereka ku malo osungira zinthu, ndipo imayenda pang'onopang'ono. Malo osungira akhale 128GB. Ya 64GB imaoneka yokwana tsiku loyamba, koma Android yokha imadya kale gawo lalikulu, kenako mavidiyo a m'magulu a WhatsApp amamaliza otsalawo. Mayi ajatu safufuta kanthu, mukuwadziwa. Foni ikadzadza imayamba kugwiragwira, munthu n'kumati yafa pomwe yangokhuta. Ikakhala ndi polowetsa memory card, ndi bwinonso. Ngati mungaone pamene alemba mtundu wa storage, malo osungirawo, ya UFS imathamanga kuposa ya eMMC, ndipo kusiyanako kumaonekera kwambiri foni ikatha chaka chimodzi kapena ziwiri.

Tsopano batire. Apa ndichedwapo chifukwa ndi chiwalo chomwe chimayamba kufooka pa foni iliyonse, yodula kapena yotchipa. La 5000mAh ndi lokwanira kuswera nalo tsiku lonse. Mdani wake wamkulu ndi kutentha. Kutchaja foni ili pansi pa pilo, kuisiya padzuwa, kuisiya m'galimoto yotseka mawindo, kuonera mavidiyo kapena kusewera magemu ili pa chaja, zonsezo zimapsereza batire pang'onopang'ono. Silikondanso kuphwa mpaka foni kuzima yokha, kapena kukhala pa 100 usiku wonse tsiku ndi tsiku. Limakhalitsa mukamalisunga pakati pa 20 ndi 80. Mafoni ambiri atsopano ali ndi potchera mu Settings kuti moto uziimira pa 80 kapena 85. Muwatcherere mayi, poti iwo amakhala pakhomo, moto wochulukawo saufuna kwenikweni. Zoti foni yatsopano uyenera kuitchaja maola 8 usanaiyatse zinali za mabatire akale, musavutike nazo.

Mukadzaona chivindikiro cha kumbuyo chikutukuka, kapena sikirini ikunyamuka m'mbali, batire latupa. Musalikanikize, musalibaye, musaitchajenso foniyo. Pitani nayo kwa wokonza asinthe. Ndiponso batire likafooka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, sikuti foni yatha. Mukasintha batire lokha imadzukanso. N'chifukwa chake ndikuti mugule mtundu wodziwika, womwe anthu ambiri ali nawo. Foni ya dzina lachilendo, ngakhale itachita kukongola, tsiku lomwe sikirini idzasweke mudzazungulira nayo osapeza sipeya.

Pa sikirini, AMOLED imawala bwino ndipo mitundu imatuluka, koma kusintha kwake n'kodula kuposa LCD. Kwa mayi LCD yabwino ikwana. Tsiku lomwelo logula, isanatuluke m'manja mwanu, muiike galasi lotchinga pamwamba ndi kava yokhuthala m'makona, chifukwa foni ikagwa imamenya kona ndipo mng'alu umayambira pamenepo. Za madzi, akalemba IP67 ndiye kuti inayesedwa m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. IP54 ndi madontho chabe ndi fumbi. Koma guluu wotchinga madziyo amafooka foni ikamakalamba, ndipo ikatsegulidwapo kamodzi ndi wokonza musamaidalirenso.

Chaja. Mabokosi ambiri masiku ano mumangokhala chingwe, mutu mulibe. Musagule foni yabwino n'kuipha ndi chaja yopepuka ngati pepala. Gulani ya kampani yomweyo kapena ina yodziwika, ndipo foniyo ikhale ya USB-C, osati kabowo kakale ka micro-USB komwe kamagwedera msanga. Foni ikayamba kukana kutchaja, musafulumire kunena kuti yaonongeka. Nthawi zambiri ndi tiulusi ta m'thumba tomwe taunjikana m'kabowomo. Izimitseni, mutenge kamtengo kotokosera m'mano, muchotse mofatsa. Singano ayi.

Ngati mwaganiza zogula yogwiritsidwapo kale, palibe cholakwika. Foni yapamwamba ya chaka chatha nthawi zina imaposa yatsopano yotchipa. Koma musapereke ndalama musanachite izi. Imbani *#06#, ituluka IMEI, nambala yozindikirira foniyo, ya manambala 15, muifanizire ndi ya pabokosi kapena pa lisiti. Zikasiyana, isiyeni. Ikanimo simu khadi yanu, muimbire munthu, mumve ngati akukumvani, muyatsenso data. Foni ina imakhala yotsekeredwa ku kampani ya netiweki ya dziko komwe inachokera. Pa iPhone pitani ku Settings, General, About, pomwe alemba Carrier Lock pazinena kuti No SIM restrictions. Chakumeneko ndi komwenso imaonetsa ngati sikirini kapena batire zinasinthidwa ndi zosadziwika. Muonenso Battery Health, pomwe imaonetsa mphamvu yomwe yatsala ku batire. Ikayandikira 80 pa 100 dziwani kuti batire latsopano likukudikirani, ndiye mtengo utsike. Chinanso, ma iPhone ogulitsidwa ku America kuyambira iPhone 14 alibe polowetsa simu khadi, ndi a eSIM okhaokha, simu yomangidwira m'kati mwa foni. Muyang'ane m'mbali ngati kathireyi ka simu khadi kalipo. Pa ma Samsung ambiri mukaimba *#0*# pamatuluka timabokosi toyesera sikirini, sipika ndi zina. Dinani kofiira, kobiriwira, mupendeke foniyo muone ngati pali madontho kapena zithunzithunzi zotsalira. Ndipo chachikulu pa zonse, mwiniwake achotse akaunti yake ya Google kapena iCloud inu mukuona, afufute zonse, foni iyake mpaka kufika pa sikirini yoyamba. Akati mukachite kunyumba, kapena akati pasiwedi waiwala, musagule. Foni yotsekedwa choncho ndi mwala.

Tibwere ku mahedifoni a mwanayo. Ndikudziwa akufuna timakutu topanda waya tija, tokhala m'kabokosi. Muuzeni zoona zake. M'kati mwa kalikonse muli kabatire kakang'ono kwambiri komatidwa ndi guluu, ndipo mitundu yambiri sasintha. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, komwe kamatha maola 5 kamayamba kuzima ola limodzi lisanakwane, kawirikawiri khutu limodzi limayamba kufa linzake lisanafe. Kamodzi kakatayika, zonse zapita. A waya alibe batire, ndipo pa ndalama zofanana amamveka bwino kuposa a Bluetooth. Pomwe amafera ndi pa khosi, pamene waya akumana ndi pulagi, chifukwa chokulunga pa foni ndi kukoka chingwe pozula. Ndiye musankhe omwe waya wake amazuka, kuti akaduka muzingogula waya. Pulagi yopindika ngati L imapiriranso m'thumba kuposa yowongoka. Muonetsetse kaye ngati foni yake ili ndi kabowo ka 3.5mm, poti ambiri atsopano anachotsa. Ngati kalibe, pafunika kachingwe kolumikiza ku USB-C, ndipo kakhale kokhala ndi DAC m'kati, kachipangizo kosandutsa nyimbo za m'foni kukhala mawu omveka m'mahedifoni, apo ayi mafoni ena sakazindikira.

Akaumirira opanda waya, akuluakulu ophimba khutu lonse ndiwo amakhalitsa. Batire lake ndi lalikulu, ambiri amapitirira maola 30, ndipo ena ali ndi polowetsa waya, moti batire likadzafa amagwirabe ntchito. Muwapinde muone mahinji, pulasitiki yopyapyala imathyokera pamenepo. Mufunsenso ngati masiponji ake amapezeka padera, chifukwa chikopa chake chimasupuka ndi thukuta makina akadali abwinobwino. Akasankha timakutu tating'onoto, tikhale ta IPX4 kuti thukuta lisatilowe, ndipo ayese timphira tonse titatu ta m'bokosi. Kamphira kakakhala kosathina bwino, mabesi amathawa, iye n'kumati anamugulitsa zabodza. Khutu limodzi likayamba kumveka motsika, ayang'ane kasefa ka kutsogoloko, kamakhala katatsekeka ndi phula la m'khutu. Mswachi wouma umachotsa.

Za ma AirPods, timakutu topanda waya ta kampani ya Apple, mukhale tcheru. Afeki masiku ano amaonetsa kachithunzi pa iPhone mukatsegula kabokosi kake ngati enieni, bokosi lofanana, ngakhale nambala amakopera. Mtengo ukakhala wokoma mopitirira, ndi afeki. Bola kugula a kampani yaing'ono koma enieni. Ndipo mwanayo asamakweze mpaka kumapeto. Bungwe la WHO limati madesibelo 80, muyezo wa kukula kwa phokoso, kwa maola 40 pa sabata ndiwo malire a munthu wamkulu, kwa ana n'kutsikirapo. Mosavuta, voliyumu isapitirire 60 pa 100. Mukamamva nyimbo yake inu muli apo, wakweza kwambiri.

Lisiti ndi bokosi musataye, ndipo mufunse kuti waranti ndi ya miyezi ingati, alembe pa lisitipo pamodzi ndi IMEI. Mukapeza mafoni awiri kapena atatu omwe akusangalatsani, mujambule kumbuyo kwa bokosi pomwe pali model number munditumizire ndisanagone, ndiona kuti ndi a chaka chiti ndi maapudeti atsala angati. Foni yakale ya mayi musaifufute kaye mpaka tisamutse manambala ndi zithunzi. Muwapatse moni mayi, muwauze ndiwaimbira Lamulungu.