Ntchafu za nkhuku zootcha ndi mandimu

Takulandirani kukhitchini kwathu kuno. Lero tiotcha ntchafu zinayi za nkhuku yachizungu. Yachikuda ndi yokoma, palibe angatsutse, koma nyama yake ndi yolimba ndipo mu uvuni imauma gwa isanafewe. Imeneyo tiisiyire mphika.

(Kamera iyandikire mbale)

Taonani chikopachi, chanyowa. Tengani kansalu koyera mupukute ntchafu iliyonse mpaka iume. Ambiri amadumpha apa, n'kumadabwa kuti chikopa sichikufiira, chikungokhala lobodo ngati chowiritsa.

Tsopano ndimu. Musathamangire kufinya. Fungo lenileni lili m'khungu lakunjali, choncho lipaleni pang'onopang'ono ndi kachitsulo kopalira karoti. Mukangoona zoyera zam'kati, siyani pomwepo, zimawawa. Madzi ake tiwasunga mpaka kumapeto, chifukwa nyama ikakhalitsa m'madzi a ndimu imaphwephwetheka ndipo chikopa chomwe tapukuta chija chimanyowanso.

M'kamtondo sinjani adyo, zidutswa zinayi, pamodzi ndi khungu la ndimulo, mchere sipuni yaing'ono imodzi, tsabola wakuda ndi masamba a rosemary ndi thyme. Ngati masambawo ndi ouma, chepetsani, amakhala amphamvu kuposa aawisi. Thiranimo mafuta masipuni awiri.

(Manja aoneke bwino)

Lowetsani chala pansi pa chikopa, muchitukule osaching'amba, mupake zosinjazi pa nyama penipeni. Ine ndimakonda kuyala kachewere wodula pansi pa thireyi kuti amwe mafuta odontha. Ntchafu zikhale pamwamba, chikopa chiloze kumwamba, ndipo zisathinane.

Uvuni ikhale itatentha kale, madigiri 200. Dikirani mphindi 40 mpaka 45. Kenako bayani ndi mpeni pafupi ndi fupa: madzi akatuluka oyera, yapsa, akatuluka ofiirira, ibwezereni. Amene muli ndi choyezera kutentha, m'kati mufike madigiri 75.

Magetsi akathima, mbaula ilipo. Chitani monga timachitira ndi chigumu: poto wokhuthala, makala ochepa pansi, ambiri pa chivundikiro.

Mukatulutsa, ipumuleko mphindi zisanu. Ndiye pano finyani ndimu uja pamwamba ikadali yotentha.

(Mpeni ukande chikopa, mawu amveke)

Mwamva kulira kwakeko? Bweretsani mbale, mpunga wa Kilombero wapsa kale.