Makalata anu sabata ino: chitupa cholembedwa alien ndi kulembetsa mavoti

Makalata abwera ambiri ndithu, pafupifupi onse ndi a kalembera wa mavoti, koma ndiyambe ndi ya amayi ena a ku Mufakose, mu mzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe, chifukwa ineyo yandikhudza kwambiri. Akuti anabadwira konkuno, bambo awo anachokera ku Dedza nthawi ya chitaganya kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, koma chitupa chawo chinalembedwa kuti alien, kutanthauza mlendo, mpaka lero, ndiye chiwabwezereni pa chisankho cha 2002 sanapitenso kukaima pamzere. Akufunsa kuti ndikachitenso manyazi pamaso pa ana anga?

Pepani mayi, ululu umenewo ambirife timaudziwa, lamulo la unzika la 2001 lija, lolanda unzika anthu amene sanakane unzika wa dziko la makolo awo, linavulaza mabanja ochuluka ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, anthu oti kwawo kwa makolo sanapondeko n'kamodzi komwe. Komatu zinthu zinasintha. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 akuti ngati munabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanabwere, kholo lanu limodzi linali nzika ya dziko la mu SADC ndipo mumakhala konkuno, ndinu nzika yobadwira basi. Tengani kalata yobadwira yaitali ija yolemba mayina a makolo, osati kakafupi kaja, pamodzi ndi chitupa chakalecho mupite ku ofesi ya zitupa ya ku Makombe akakusinthireni, mukatero ku ZEC, bungwe loyendetsa zisankho, akakujambuleni nkhope ndi zala polembetsa mavoti. Mzere umatalika inde, nyamulani kabotolo ka maheu ndi chitenje chokhalira koma musabwerere panjira. Bambo anu anathyola fodya wa dziko lino mpaka msana kupindika, ndiye inu mukhale chete bwanji pamene pampopi pakutha masabata osatuluka madzi? Ayi mayi, ine sindikuvomera.

Achimwene a ku Epworth akuti alandilodi akukana kuwalembera kalata yosonyeza komwe amakhala, musavutike nawo, afidaviti, kalata yolumbira ija, imakwanira. Mnyamata wa ku Dzivarasekwa, kuvotera pulezidenti wa ku Malawi uli kuno sizitheka mwanawe, amavota amene analembetsa ndipo ali komweko. Agogo a ku Mabvuku, poona dzina lanu m'kaundula wa mavoti pafoni ZEC inapereka *265#, nambala yakenso ndi ija yoimbira foni kumudzi ku Malawi, mukaiwala imeneyo ndiye tikaitana ankhoswe!

Tsono achinyamata inu, makalata anu angapo akunena chimodzimodzi, akuti voti sisintha kanthu. Ndikukumvani, ntchito kulibe, zinyalala zaunjikana pa Mbare, koma tandiuzani khansala wa wodi yanu mumamudziwa dzina? Amene uja ndi amene amakhala pamsonkhano wokamba za madzi ndi misewu yanu ndipo nthawi zina amapambana ndi mavoti ochepa chabe, inu tsiku limenelo muli pa WhatsApp kudandaula. Agogo anu ankalira chitupa osachipeza, inu zaka 18 zakwana chitupa chili m'thumba, kulembetsa ndi kwaulere, mukudikira chani? Sabata yamawa ndikufuna makalata onena kuti ndalembetsa, ndipo amayi a ku Mufakose mudzatilemberenso timve mmene mwayendera.