Chiseyeye ndi mano ogwedera: madzi amchere amathandiza mpaka pati?

Mukatsuka mano n'kulavula, kodi malovu amakhala ofiira? Anthu ambiri akaona magaziwo amasiya kutsuka pamalopo, ati kuopa kuonjezera chilonda. Apo m'pamene chiseyeye chimakulira.

[Kamera iyandikire pamene dzino lakumana ndi nkhama]

Taonani mzere uwu. Tsiku lililonse pamadikha litsiro loyera, lonanda, lodzaza ndi mabakiteriya. Likakhala masiku awiri kapena atatu osachotsedwa limayamba kuuma ngati mwala. Nkhama zimatupa n'kumatuluka magazi. Zikadali apa, litsirolo lisanaumiretu, vutoli limatheka kunyumba, ndipo magazi amatha pakadutsa sabata imodzi kapena ziwiri mukutsuka bwino.

Tengani mswachi wofewa ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, amene amalimbitsa mano. Pendeketsani mswachiwo kuti uloze m'mphepete mwa nkhama, muzizunguliza pang'onopang'ono, kunja ndi mkati, kwa mphindi 2, m'mawa komanso musanagone. Osachita kukwecha ngati mukutsuka poto. Mukamaliza lavulani basi, osachukucha ndi madzi, kuti fluoride atsale pamano. Mswachi wamtengo nawonso umagwira ntchito, bola nsonga yake muitafune ifewe, ndipo ikayamba kunyenyeka muidule.

[Kapu ya madzi ndi sipuni yaing'ono]

Tsopano mchere. Theka la sipuni yaing'ono ya tiyi mu kapu imodzi ya madzi ofunda, pafupifupi mamililita 250. Chukuchani masekondi 30 n'kulavula, katatu patsiku. Amachepetsa kutupa ndi kuwawa. Mchere wouma osaukhutiza pankhama, umangosupula. Kufamase kuli mankhwala ochukuchira m'kamwa otchedwa chlorhexidine wa 0.2%: mamililita 10, kuchukucha mphindi imodzi, kawiri patsiku, patapita theka la ola mutatsuka mano. Musapitirire sabata ziwiri, chifukwa amadetsa mano ndi lilime.

Makala ndi phulusa zimaperesa dzino. Aspirin wophwanya n'kumuika pankhama amawotcha mnofu, ululu n'kukhalapobe. Zothira madzi a m'batire padzino ndiye musayerekeze n'komwe. Kukapweteka, wamkulu amwe Panado wa 500 mg mapiritsi awiri pa maola 6 aliwonse, osapitirira asanu ndi atatu patsiku.

Nanga dzino likayamba kugwedera? Apa tinene mosabisa. Kwa munthu wamkulu amene sanamenyedwe kapena kugwa, kugwedera kumasonyeza kuti matenda alowa pansi pa nkhama n'kudya fupa logwira muzu. Fupalo silimeranso ndi mchere, adyo kapena mizu yonyika. Mwala uja mswachi suuchotsa, ndipo kuukokota ndi singano kapena lezala n'kudzipweteka chabe. Amaupala ndi a mano kuchipatala, mpaka pansi pa nkhama. Kutupa kukatha, dzino logwedera pang'ono limatha kulimbako, ndipo nthawi zina amalimangirira ku mano oyandikana nalo. Poyembekezera tsikulo, musamaligwedeze ndi lilime kapena chala, ndipo nzimbe ndi chimanga chokazinga zidikire kaye. Kutsuka pokhapo musasiye.

Pali zina zimene zimakolezera matendawa. Fodya amabisa magazi, munthu n'kumaona ngati nkhama zili bwino fupa likutha. Shuga wosatsika amapangitsa chiseyeye kukanika kuchira, choncho ngati mano angapo akugwedera nthawi imodzi, kayezetseni shuga, ndi HIV yomwe. Amayi oyembekezera nkhama zawo zimatupa msanga, ndipo kupalitsa mano ali ndi pakati n'kololedwa. Magwafa, malalanje ndi malambe zili ndi vitamini C amene nkhama zimafuna.

Zipatala za maboma zili ndi mbali ya mano, chimodzimodzinso zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Mukaona mafinya, tsaya latupa, thupi latentha, kapena kumeza ndi kuyasamula kukuvuta, musadikire kuti kuche, pitani tsiku lomwelo.